MAPHUNZIRO APAMWAMBA A ZA MANKHWALA OOPSYA: PHINDU LACE KWA MLIMI

Mvula ikagwa ndipo mbeu zikamera, masitolo a ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi adzaza ndi alimi ofuna mankhwala ophera tizirombo. Wina afuna opopera thonje, wina othira pa cimanga codyedwa ndi mbozi, winanso a kudimba kumene nsabwe zatha repu ndi matimati. Pa botolo liri lonse pali pepala la mau ang'onoang'ono, zithunzi ndi mzere wa mtundu. Alimi ambiri sawerenga pepalalo. Angofunsa wogulitsa kuti, "Kodi ndithire tizibvundikiro tingati m'pampu?" basi, nabwerera kwao.

Komatu mau a pa pepalalo sanalembedwe mwamwai. Anthu amene anapima mphamvu ya mankhwalawo, nalamula muyeso wace ndi masiku oyembekeza mlimi asanathyole ndiwo, anatha zaka zambiri pa sukulu. Atalandira digiri yoyamba anapitirizabe kuphunzira za ciphe, za malamulo ace, ndi za kusunga nthaka ndi madzi. Phunziro lino lifotokoza cimene maphunzirowa anayambira, zimene ziphunzitsidwa, kumene zipezeka, ndi phindu lace kwa banja la kumudzi.

CIYAMBI CACE NDI TSOKA

Maphunziro amenewa anabadwa cifukwa ca zolakwa zimene anthu anacita asanadziwe bwino.

M'caka ca 1939 katswiri wa ku Switzerland, dzina lace Paul Müller, anapeza kuti mankhwala ochedwa DDT apha tizirombo msanga. Dziko lonse linakondwera, cifukwa DDT inapha udzudzu, nsabwe ndi tizirombo ta m'minda, ndipo mu 1948 mkuluyo analandira mphotho ya Nobel. Patapita zaka zinadziwika kuti DDT siola msanga. Ikhala m'nthaka nthawi yaitali, nilowa m'mafuta a nsomba, a mbalame ndi a anthu, kufikira mu mkaka wa m'mawere. Mu 1962 mai wina wa ku America, Rachel Carson, analemba buku locenjeza anthu za zimenezi, ndipo mu 1972 dziko la America linaletsa DDT m'minda. Bvutoli linafikanso pafupi ndi kuno. Ofufuza a pa nyanja ya Kariba, tsidya la Zimbabwe, analemba mu 1992 kuti m'mazira a nkhwazi munali ciphe cocokera ku DDT, ndi kuti zikamba za mazirawo zinapyapyala. Nkhwazi ndiyo mbalame iri pa mbendera ya Zambia. Inde, cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere.

Tsoka lina linagwa mu December 1984 mu mzinda wa Bhopal ku India. Usiku, anthu ali m'tulo, mpweya woipa unaturuka m'fakitale yopanga mankhwala ophera tizirombo. Anthu zikwi zambiri anafa m'masiku ocepa, ndipo ena ocuruka analemala maso ndi zifuwa.

M'dziko lino citsanzo cacikuru ndi Kabwe, mzinda umene kale unachedwa Broken Hill. Kumeneko anakumba mtobvu ndi zinki zaka ngati 90 kufikira mgodi unatsekedwa mu 1994. Mgodi unatsekedwa, koma fumbi la mtobvu linatsala m'nthaka ya m'makomboni monga Kasanda, Chowa ndi Makululu. Ana asewera m'fumbi limenelo naika zala m'kamwa. Mtobvu ukalowa m'magazi a mwana uononga ubongo wace, kotero kuti abvutika kuphunzira. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linena kuti palibe muyeso wa mtobvu m'magazi umene udziwika kuti suononga.

Zonsezi zinaphunzitsa maboma kuti sikokwanira kukhala ndi anthu odziwa kupanga ndi kugulitsa mankhwala. Pafunikanso ena odziwa kuopsya kwace, ndi olimba mtima kunena kuti, "Awa asalowe m'dziko."

GAWO LOYAMBA: CIPHE M'THUPI

Wophunzira ayamba ndi funso ili: kodi ciphe cigwira bwanji nchito m'thupi la munthu?

Coyamba aphunzira kuti kuopsya kwa cinthu kudalira kucuruka kwace. Ngakhale mcere, umene uli wabwino m'ndiwo, ungadwalitse munthu ngati adya wambiri. Akatswiri apima ciphe pa mamiligramu poyerekeza ndi kilogramu iri yonse ya kulemera kwa thupi. N'cifukwa cace madontho amene angangozunguza mutu wa bambo wamkuru angathe kupha mwana wa zaka zitatu.

Caciwiri aphunzira makomo atatu amene ciphe cilowera: pakamwa, m'mphuno, ndi pakhungu. Khomo lacitatu ndilo limene alimi aiwala. Munthu wosenza pampu yodontha kumsana, dzuwa likuwomba ndipo thukuta likuturuka, alandira ciphe tsiku lonse ngakhale sanameze kanthu.

Cacitatu aphunzira mitundu ya mankhwala. Pali mtundu wina wochedwa organophosphate, monga dimethoate ndi dichlorvos. M'thupi la munthu mitsempha itumiza uthenga ku minofu kuti igwire nchito, ndipo muli cinthu cina cimene cizimitsa uthengawo ukafika. Mankhwala a mtundu uwu amanga cinthu cozimitsaco, tsono uthenga suleka. Wodwala aturuka thukuta, malobvu ndi misozi yambiri, asanza, anjenjemera, timwana ta m'maso ticepa, ndipo cifuwa cidzaza madzi kufikira alephera kupuma. Ku cipatala kuli mankhwala ochedwa atropine amene angamupulumutse ngati afika msanga.

Palinso ciphe cimene sicionetsa mphamvu yace tsiku lomwelo. Cilowa pang'onopang'ono kwa zaka, niciononga ciwindi, impsyo, mitsempha kapena mwana wa m'mimba. Kuti adziwe zimenezi, ophunzira agwira nchito m'nyumba zopimira, kumene ayeza magazi, mkaka, madzi a m'zitsime, nthaka ndi ndiwo za pamsika.

GAWO LACIWIRI: MALAMULO

Kudziwa kuopsya kwa cinthu sikuthandiza ngati palibe lamulo loletsa. Tsono gawo laciwiri ndi la malamulo.

Mu Zambia bungwe loyang'anira mankhwala ophera tizirombo ndi zinthu zina za ciphe ndi ZEMA. Linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, nililowa m'malo mwa bungwe lakale la Environmental Council of Zambia. Munthu wofuna kuitanitsa mankhwala otere kunja, kuwasunga kapena kuwagulitsa ayenera kukhala ndi cilolezo ca bungweli. Iye amene agulitsa mankhwala opungulira m'timabotolo ta zakumwa, topanda pepala, aika miyoyo ya anzace pa ngozi.

Asanabvomereze mankhwala atsopano, akatswiri afunsa mafunso ambiri. Kodi aphadi kacirombo kamene akunenako? Kodi atsala masiku angati pa tsamba? Kodi apha njuci ndi nsomba? Ndiponso funso lofunika kwambiri kuno: kodi mlimi wa kumudzi, amene alibe ndalama zogulira zobvala zonse zochinjiriza thupi, angawagwiritse nchito osabvulala? Mankhwala amene ali bwino pa munda waukuru, kumene wopopera akhala m'kati mwa thirakitala, angakhale oipa kwa mai wopopera ndi manja, mwana ali kumsana.

Ophunzira awerenganso mapangano a maiko. Pangano la ku Rotterdam la 1998 linena kuti mankhwala ena oopsya asatumizidwe ku dziko lina popanda dzikolo kudziwitsidwa ndi kubvomera. Pangano la ku Stockholm la 2001 liletsa mankhwala osaola msanga. Mwa pangano limeneli DDT iloledwa pa nchito yolimbana ndi tizirombo tofalitsa matenda, monga udzudzu wa malungo, koma osati m'munda. Mu 2011 anaonjezapo endosulfan, amene kale alimi a thonje m'maiko ambiri anali kupopera. Zambia iri m'mapangano onse awiriwa, ndipo pamisonkhano yace pafunika ana a dziko lino odziwa kuyankhula m'malo mwa alimi.

Nkhani ya pepala la pa botolo irinso m'gawo lino. Bungwe la za ulimi la FAO lilangiza kuti pansi pa pepala pakhale mzere wa mtundu: wofiira kusonyeza ciphe coopsya koposa, wacikasu cotsatira, kenaka wobiriwira ngati thambo, ndi wobiriwira ngati msipu pa mankhwala ocepa ukali. Cithunzi ca cibade ndi mafupa awiri opingasa citanthauza imfa. Wophunzira wanzeru afufuza ngati anthu a m'midzi amvadi zizindikiro zimenezi, cifukwa cenjezo limene munthu salimva liri ngati ng'oma yoyimbira gonthi.

GAWO LACITATU: KUSUNGIRA ADZUKULU

Gawo lacitatu lifunsa kuti: kodi mlimi angakolole bwanji lero, osaononga munda umene adzukulu ace adzalima?

Ophunzira aona kuti m'munda muli adani ndiponso abwenzi. Njuci zibereketsa maungu, mpendadzuwa ndi mitengo ya zipatso. Mabvu, akangaude, nyerere ndi mbalame zidya mbozi ndi nsabwe. Mankhwala aukali sasankha. Apha onse pamodzi. Abwenzi akatha, adani abwerera ocuruka koposa kale. Ndiponso ngati mlimi apopera mankhwala amodzimodzi caka ndi caka, tizirombo tolimba titsala nitiberekana, ndipo patapita nthawi mankhwalawo aleka kugwira nchito. Pamenepo mlimi aonjeza muyeso, naononga ndalama ndi thupi lace lomwe.

Alimi akumbukira kutha kwa caka ca 2016, pamene mbozi yacilendo yocokera ku America, imene ambiri aicha nchembere zandonda, inagwa m'minda ya cimanga. Boma linatumiza ndi ndege za asilikari zomwe kukagawa mankhwala. Koma mbozi imeneyi ikakula ibisala m'kati mwa nsonga ya cimanga, kumene mankhwala safika bwino. Akatswiri alangiza kuti mlimi ayendere munda wace kawirikawiri mbeu zikali zazing'ono, aphwanye mazira ndi timbozi ndi manja, abzale msanga ndi mvula yoyamba, ndipo apopere pokhapo ataona kuti n'kofunikadi.

Njira zina zinacokera kwa ofufuza. Ku Kenya, akatswiri a bungwe la icipe anapeza kuti mlimi akabzala comera cochedwa desmodium pakati pa mizere ya cimanga, ndi nsenjere m'mbali mwa munda, fungo la desmodium lipitikitsa agulugufe oikira mazira a kapuci, ndipo nsenjere iwakokera kunja. Comera comweco cicepetsanso kaufiti. Ku Purdue University ku America anapanga matumba ochedwa PICS, osalowa mpweya, m'mene anankafumbwe afa okha popanda mankhwala. Kasinthasintha wa mbeu, monga cimanga caka cino ndi nshawa kapena soya caka camawa, athandizanso kudula mbadwo wa tizirombo. Zonsezi ziri m'maphunziro amenewa, cifukwa mankhwala abwino koposa ndi amene mlimi sanafunikire kugula.

KUMENE MAPHUNZIROWA APEZEKA

Njira yace iyamba ku sukulu ya pamudzi. Mwana ayenera kulimbikira masamu ndi sayansi kufikira atsiriza sekondale. Pambuyo pace atenga digiri yoyamba, imene itha zaka zinai kapena zisanu, m'maphunziro a chemistry, a zamoyo, a ulimi, a ziweto kapena a umoyo wa anthu. Digiri zotere zipezeka ku University of Zambia ku Lusaka, imene inatsegulidwa mu 1966, ku Copperbelt University ku Kitwe, imene inayamba mu 1987, ndi kwina.

Maphunziro apamwamba ayamba pamenepo. Digiri ya Master itha zaka ngati ziwiri, ndipo ya udokotala wa maphunziro itha zitatu kapena kuposerapo. Kusiyana kwace ndi sukulu zina n'kwakuti wophunzira samangoloweza za m'mabuku. Asankha funso limodzi limene yankho lace silinadziwike, napita kumidzi kapena kumigodi kukatenga madzi, dothi kapena ndiwo, nazipima, nalemba buku la zimene wapeza. Akuluakulu a maphunziro aliwerenga namufunsa mafunso asanamupatse digiri.

Ku South Africa, University of Cape Town inayamba mu 2011 maphunziro a dipuloma ya anthu a digiri, a kasamalidwe ka mankhwala ophera tizirombo, motsata malangizo a FAO ndi WHO. Mbali yaikuru ya maphunzirowa icitika pa intaneti, kotero kuti wanchito wa Boma angaphunzire osasiya nchito yace.

Phindu la maphunziro otere laoneka ku Kabwe. Kuyambira mu 2016 akatswiri a University of Zambia ndi anzao a Hokkaido University ya ku Japan anagwira nchito pamodzi kupima magazi a anthu, nthaka ndi ziweto za kumeneko. Zimene anapeza zinasonyeza makomboni amene ana ali pa ngozi koposa, kuti thandizo liyambire kumeneko.

Kusowa kwa anthu otere kunamvekanso pa 18 February 2025, pamene damu la zonyansa za mgodi wa mkuwa linagumuka ku Chambishi. Madzi a asidi anatsikira mu mtsinje wa Mwambashi nalowa mu Kafue. Nsomba zinafa, minda ya m'mbali mwa mtsinje inapsya, ndipo madzi a m'mipope ya ku Kitwe anatsekedwa kwa masiku. Mlimi wa kumeneko anali ndi mafunso: kodi ng'ombe zimwe liti madziwa? Kodi dimba ili lidzalimidwanso? Kodi nsomba idyedwe? Mafunso amenewa sayankhidwa ndi maso. Ayankhidwa ndi munthu wodziwa kupima.

Otsiriza maphunzirowa apeza nchito ku ZEMA, ku Unduna wa za Ulimi ndi wa za Umoyo, ku malo ofufuzira za ulimi monga Mount Makulu ku Chilanga ndi Msekera pafupi ndi Chipata, kumigodi, kumakampani a thonje, ndi m'masukulu apamwamba.

ZIMENE BANJA LIRI LONSE LIYENERA KUCITA

Si mlimi ali yense adzapita ku yunivesite, koma ali yense angadye zipatso za maphunzirowa mwa kusunga malangizo awa:

1. Mlimi agule mankhwala m'sitolo ya cilolezo, m'botolo lace lenileni, lotseka ndi la pepala. Ngati sadziwa kuwerenga, apite nalo kwa mlangizi wa zaulimi. Safunsa anadya phula.

2. Asapitirire muyeso wolembedwa, ndipo asasakanize mankhwala awiri mwa nzeru zace. Asabvundule ndi dzanja.

3. Popopera abvale malaya a manja aatali, buluku lalitali, majombo, magolovesi a mphira ndi cophimba pamphuno. Apopere m'mamawa kapena madzulo, kopanda mphepo yaukali, ndipo asayang'ane kumene mphepo icokera utsi wa mankhwala ukubwerera pa iye. Asadye, asamwe, asasute fodya. Pampu ikatseka asaipemerere ndi pakamwa.

4. Ana, amai apakati ndi oyamwitsa asapopere, ndipo asalowe m'munda wongopopera kumene.

5. Akatsiriza asambe thupi lonse ndi sopo. Zobvala zace zicapidwe pazokha, kutali ndi citsime ndi mtsinje.

6. Asunge masiku olembedwa pa pepala asanathyole ndiwo. Wogulitsa matimati opopera dzulo adyetsa ciphe ana a anzace. Mankhwala a thonje asapite kudimba.

7. Botolo likatha alitsuke katatu, madziwo athire m'pampu, kenaka alibowole. Lisasungidwemo madzi, mkaka, mafuta, mcere kapena mowa.

8. Mankhwala akhale pa malo okhoma, kutali ndi ufa ndi ana. Mbeu zopakidwa utoto wofiira kapena wobiriwira n'zobzala, si zodya kapena zopatsa nkhuku.

9. Mibulu ya aluminium phosphide, imene ena aika m'matumba a cimanga, iturutsa mpweya wakupha ikakhudzana ndi cinyontho. Isaikidwe konse m'nyumba yogona anthu. Nchito imeneyi ndi ya anthu ophunzitsidwa okha.

10. Wina akamwa kapena kudwala ndi mankhwala, amubvule zobvala zonyowa, amusambitse ndi madzi ambiri, nathamange naye ku cipatala pamodzi ndi botolo lace kuti dokotala adziwe mtundu wa ciphe. Asamusanzitse, ndipo asacedwe ndi kumumwetsa mkaka, cifukwa mkaka sucotsa ciphe.

MAU KWA MAKOLO

M'midzi yambiri mwana akatsiriza sekondale makolo ayembekeza kuti ayambe msanga kubweretsa ndalama, ndipo akakhala wamkazi ena afulumira kunena za ukwati. Mwana akapempha kuti apitirize maphunziro atalandira kale digiri, akulu afunsa kuti, "Kodi sukulu yako idzatha liti?" Funsoli liri ndi cifukwa, pakuti banja lagulitsa mbuzi ndi matumba a nshawa kuti iye afike pamenepo. Koma makolo adziwe kuti pa maphunziro apamwamba pamakhala nthawi zina thandizo la ndalama locokera ku mabungwe ndi maiko ena, ndipo mwana wakhama ayenera kufunsa kwa aphunzitsi ace.

Mwana wokulira kumudzi ali ndi nzeru imene mnzace wa m'tauni alibe. Adziwa kulemera kwa pampu, adziwa kumene amai ace atunga madzi, adziwanso kuti cigubu cabwino sicitayidwa msanga pamudzi. Akadzakhala pa mpando wobvomereza kapena kukana mankhwala, adzakumbukira zimenezi, ndipo lamulo limene adzalemba lidzayenera anthu a kwao.

M'mera mpoyamba. Mwana amene lero awerengera atate ace pepala la pa botolo wayamba kale phunziro loyamba. Makolo, anyakwawa ndi aphunzitsi amulimbikitse. Ndipo mlimi ali yense wofuna kudziwa zambiri za mankhwala amene ali nao m'nyumba aonane ndi mlangizi wa zaulimi wa m'dera lace nyengo yopopera isanafike.